Nyanga za m'kabotolo

Kabotolo kafika Lachitatu pa minibasi ya ku Limbe,
kokulungidwa m'sokosi, kochokera kwa Elifala ku Joni.
Pachikuto pali nyama yonga gwape
koma pamutu yasenza nthambi.

Bambo akuti ndiwerenge.
Chizungu chake n'chaching'ono ngati nyerere:
akuti nyangazi amazidula zikadali zanthete,
zaubweya, zofunda, magazi akuyendamo,
n'kuziumitsa, kuzipera, kuzitsekera m'makapisozi.
Akuti zimafewetsa mfundo, zimabweza mphamvu.
Pansi penipeni pabisala timalemba tina:
sizinatsimikizike kuti zimachiza.
Mzere umenewo ndaumeza.

Kunja chiperoni chakuta phiri.
Maondo a bambo anachidziwa dzulo, wailesi isananene.
Zaka makumi atatu dengu lili kumsana
m'mizere ya tiyi ku Chitakale, mame mpaka m'chiuno.

"Nanga nyamayo imafa?"
Ayi, akuti zimaphukanso chaka chamawa.
Aseka, mano atatu onse poyera.
"Ndiye ndi tiyi ameneyo. Timamudula m'chisanu,
pofika mvula wabiriwira.
Ine anandidula kamodzi kokha."

Akhutchumula kabotolo pafupi ndi khutu.
Afunsa mtengo, ine ndayang'ana nkhuku.
Ndingowakumbutsa mawu a namwino Nampinga:
mapiritsi a kuthamanga kwa magazi osasiya,
chachilendo chilichonse ayambe wachiona iye.
Agwedeza mutu, chivundikiro atatsegula kale.

Ameza kamodzi ndi madzi a m'kapu yamalata,
n'kusisita bondo ngati mutu wa kamwana ka mbuzi.
"Umuuze Elifala kuti ndikupezako bwino."

Sipanathe ndi mphindi zisanu zomwe.