Ngongole ya Mwala

Bambo anga a Fulgencio sankawerenga mabuku,
ankawerenga utsi.
Ukatuluka wakuda bii, ankati mwala ukadali ndi njala.
Ankalavulira m'manja
n'kuponyanso nthambi ya azitona kukamwa kwa ng'anjo.

Masiku khumi ndi awiri, usana ndi usiku,
m'mbali mwa phiri la kuseri kwa Morón,
moto ukudya nkhuni ngolo ndi ngolo,
mwala uli duu, kumeza kutentha
osabweza ngakhale kambaliwali.
Ndili mwana zinkandipweteka mumtima:
nkhuni zonsezi zalowa kuti?

Ng'anjo ikazizira, miyala inkatuluka yoyera mbee,
yopepuka ngati buledi wa dzana,
pafupifupi theka la kulemera kwake litauluka ndi mphepo.
Yofatsa, ngati yagona tulo.
Ndikati ndiitole, bambo ankandigwira pamkono:
Nieves, usapusitsike,
mwala uwu wakongola moto
ndipo suiwala.

Tsiku lobweza linkafika Pasaka atayandikira,
mudzi wonse ukufuna njereza yopaka m'makoma.
Azakhali a Casilda, mpango kumphuno,
ankagubuduzira miyala ija mu mgolo wa madzi a pachitsime,
madzi ozizira olasa mano.
Poyamba zii.
Kenaka kaphokoso ngati munthu akutafuna mchenga,
kenaka mgolo wonse kubwata, kulavula, kunjenjemera,
nthunzi tolotolo,
pansi pake popanda chikuni ngakhale chimodzi.
Bambo anamiza dzira m'menemo tsiku lina
n'kulivuula ndi supuni litapsa.
Chipsera cha pamkono pawo chinachokeranso m'mgolo womwewo,
koma nkhani imeneyo sankaikonda.

Ku Sevilla, patapita zaka,
mayi Urquijo anatipatsa kapu yovindikira
ndi kagalasi koyezera kutentha.
Analemba pabolodi: kuphatikiza apa, kuchotsera apo.
Anati tinthu tosaoneka ndi maso timagwirana ndi mfundo;
kumasula mfundo kumalipiritsa mphamvu,
mfundo zatsopano zikamangika mphamvu imatuluka,
ndipo kusiyana kwa ziwirizo
ndi kumene chikhatho chimamva pakapu.
Anati mphamvu siifa, imangosamuka nyumba.
Anatinso kaya ukwera phiri molunjika
kaya mokhotakhota ngati bulu wolemedwa,
msinkhu wa phiri ndi womwewo.
Anzanga ankakopera mwakachetechete.
Ine ndinkamva fungo la utsi wa azitona m'tsitsi langa
ndipo ndinalephera funso lachitatu
chifukwa ndinayamba kulemba za dzira.

Nditawafotokozera bambo anangoseka.
Kutentha kwambiri kumathawa ndi utsi, anatero,
mwala umangosunga gawo lake.
Aphunzitsi akowo anayamba agonapo panja
kudikira mphepo kuti itembenuke?

Chaka chino ng'anjo yamera udzu,
abuluzi akuothera dzuwa pakamwa pake.
M'chipinda chosungira katundu ndinapeza mgolo wotsiriza,
njereza ili phala pansi pa madzi,
chivindikiro anachimanga okha ndi waya.
Ndapaka khoma la kum'mawa kawiri,
burashi yawo ikundikulira m'manja.

Ndikudziwa zimene zikuchitika tsopano.
Khoma likukoka pang'onopang'ono
mpweya uja unathawa m'ng'anjo,
likubwerera kukakhala mwala monga kale,
ndipo kangongole kotsala ka moto
likukabweza mwakabisira, kwa milungu yambiri,
mochepa kwambiri moti khungu la munthu silingamve.
Mabuku akutero, ndipo sanama.

Komabe usiku uno, agalu atasiya kuuwa,
ndatuluka wopanda nsapato
n'kusanjika chikhatho pakhomapo.