Mphindi Makumi Anayi

Mvula yafika pa Santhe naini isanakwane,
uthenga wake ukadali m'njira.
A Nasibeko anali atayanika soya pabwalo
poti foni inati kunja kuli ngwee.

Ndakwera phiri la Kasungu, laputopu kumsana.
Ndagogoda ku seva ya ku Blantyre,
yayankha ngati wangongole,
mochedwa, mawu theka.
Batire ili bwino. Mayunitsi alimo.
Kachipangizo kakuwerengabe madontho
popanda wokamvera.

Potsegula bokosi la pamlongoti
ndapeza nyerere zitamanga mudzi pa waya,
mazira mbee, pomwe manambala amadutsira.

Ndapukuta ndi mswachi wakale.
Manambala atuluka onse pamodzi
ngati ana oweruka kusukulu,
kudzandiuza za mvula
imene yandinyowetsa kale malaya.