Chitseko Chachinayi

Pa Chitakale, kuseri kwa chigayo,
anabweretsa Landikuluza ya ku esiteti
matope ofiira ali mpaka m'khosi.
Dalaivala watsopano, Muhiwa, anadina kabatani:
khwa! khwa! khwa! zitseko zitatu zinavomera,
chachinayi chili duu
ngati mkamwini wofunsidwa za ndalama ya fetereza.

"Chakumbuyo kumanzere. Bwana akuti pofika mawa."

Ndinagunditsa khutu pachitsulo.
M'katimo kena kake kankang'ung'udza,
njuchi yotsekeredwa m'botolo,
mtima ulipo, mphamvu palibe.
Fyuzi ndi yamoyo.
Waya wa pabondo la chitseko sanaduke,
babu langa loyesera linaphethira kawiri.
Ndiye kuti nthenda ili m'mimba.

Timabawuti tisanu, kena kobisala pansi pa chogwirira.
Timapini tapulasitiki sitichedwa kupsa mtima,
ukakoka mwaukali timathyoka,
ukanyengerera timatuluka tokha.
Nditasenda pepala lomata ndi phula
linandilonjera fungo la chiperoni cha zaka zambiri,
dzimbiri, fumbi la ku Muloza, mapiko a ngumbi,
tsamba la tiyi louma ngati khutu la mleme.

Kabokosi kakuda, kochepa ngati chibakera cha mwana,
ndinakang'amba ndi mpeni wotenthetsa.
Kamota makala atha,
kagiya koyera kaguluka mano awiri,
girisi wauma ngati chiponde cha chaka chatha.
Katsopano ku Limbe mtengo wake ndi mbuzi ziwiri
ndipo kachita kuchokera ku Joni.
Ine ndili ndi chitini changa cha mitembo,
muli kamota ka galimoto ina inagubuduka ku Thuchila.

Koma chinagulula manowo n'chiyani?
Kandodo kokankha loko kapindika bwanji?
Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono,
zala zinakhudza kanthu kozizira.
Mphete.
Yagolide, yokandika mbali imodzi
pomwe kandodo kankaitafuna tsiku ndi tsiku.

Ndinakhala pansi, msana kutsamira tayala.

Mphete iyi ndikuidziwa ngakhale sindinaionepo.
Ndi ija dona wa bwana anavula podzola mafuta
paulendo wa ku Blantyre,
ija inachotsetsa ntchito mlamu wanga Namakhwa,
zaka khumi ndi zinayi pachiwongolero
osagundapo ngakhale nkhuku.
Anamusecha mpaka m'masokosi alonda akuonerera.
Lero amapalasa kabaza,
mawondo akulira ngati kamota aka,
ndipo kutchalitchi anamuletsa kugwira mbale ya chopereka.

Galasi linali lotsitsa, kampata n'ka chala chimodzi.
Inameza ndi galimoto,
wosanzitsidwa n'kukhala munthu.

Muhiwa anayang'ana mphete, anayang'ana kuphiri
kumene mitambo inali itakwirira kale Chambe.
"Aimwene, ibwezereni momwemo.
Ikaoneka, chiwongolero chibwerera kwa mwini wake.
Ine ndili ndi ana anayi, wina akulemba fomu folo."

Sindinamuyankhe.
Ndinawotcherera mawaya awiri,
ndinapaka girisi watsopano, ndinawongola kandodo,
timapini ndinabwezera tonse
kupatula kamodzi kamene kanathyokera m'manja mwanga
chifukwa manjawo ankanjenjemera.
"Dina," ndinatero.
Khwa! Zinayi pamodzi, pakamwa pamodzi.

Analipira osawerenga chenje,
anapita osaliza hutala.

Mphete ili m'thumba la ovolosi
yokulungidwa m'risiti ya girisi,
yopepuka ngati njere ya nandolo
koma phewa lapendekera mbali yomweyo.
Ntchito anandituma ndi yoti chitseko chizitseka,
ndipo chikutseka.
Za kutsekula sanandilipire.

Mvula yayamba, ya tiwawa ija yosanyowetsa msanga.
Garaja ndakhoma ndi loko wamba wa kiyi.
Msewu wa ku esiteti ukukwera m'minda ya tiyi,
wa kwa mlamu ukutsikira kumsika,
wakwathu ndi uwu wa kuseri kwa chigayo.
Ndaima pamphambano, njinga ili m'manja,
wogulitsa nanazi akundifunsa
ngati tcheni chaduka.