Mabuleki

Njinga ndaitsamiritsa pa mpanda wa chipatala,
lero a ku Kapata ayende wapansi.
Tikambenji akupuma ngati pampu yotha mpira,
nthiti zikulowa, zikutuluka, zikulowa.
Chibayo, atero adokotala.

Nesi Miti anabwera ndi pepala la masamba anayi.
Akuti mankhwalawa akuluakulu anamwa kale, anachira,
koma mwana si munthu wamkulu wodulidwa pakati.
Chiwindi chake n'chanthete,
impso zake ndi nyemba ziwiri.
Tikufuna kudziwa mlingo wosavulaza.
Mukhoza kukana, bambo,
tidzamuthandizabe ndi akale aja.

Ndinati, ndiye mwana wanga akhale woyeserapo?
Sanathawitse maso.
Anakhala nane pa benchi, nawerenga mzere ndi mzere,
osadumpha ngakhale pamene panati
zidzolo, kusanza, kutsegula m'mimba.

Ine m'mawa uliwonse, ndisananyamule munthu,
ndimayamba ndatsika ndekha kamtunda ka ku Kanjala,
kufinya mabuleki, kumvetsera ngati alira.
Koma pano wotsika si ine.
Wotsika ali ndi zaka ziwiri
ndi makilo khumi osakwana.

Nanga manyuchi ofiira aja
amene anadzutsa mkulu wake chaka chatha,
anayamba kulawa ndi mwana wa yani?
Dzina sindilidziwa.
Mwina bambo ake ndinawanyamulapo
n'kuwalipiritsa mokwera.

Amake anayang'ana ine,
ine ndinayang'ana girisi wa m'zikhadabo zanga.
Cholembera chinalemera kuposa thumba la feteleza.

Usiku amabwera ndi tochi,
kumuunika pakhungu ngati osaka ndalama yotayika,
kuwerenga mpweya wake ndi wotchi.
Magazi pang'ono m'kabotolo kolembedwa nambala.
Tsiku lachitatu, timadontho kuseri kwa khutu.
Anayeza ndi rula, analemba, anaimba foni,
ndipo ine sindinagone
mpaka tinazilala tokha.

Lachisanu anakankha supuni ya phala
nalira kuti akufuna chitumbuwa.
Amake anaseka mpaka anadzipukuta ndi chitenje.

Kaya ndi atsopanowo, kaya akanachira ndi akale,
Nesi Miti akuti sanganene lero,
adikira ana a ena, mazana angapo.
Mubwerenso pakatha masabata awiri.

Tikupita ku Mchini tsopano,
amake pakaliya, iye kumsana kwa amake.
Msewu ndi woongoka, palibe chotsetsereka,
koma zala zanga sizikuchoka pa mabuleki.