Ziro Mmodzi

Dzulo ndinagona tambala atalira kachiwiri.
Mwana amatsokomola,
chinkhoswe cha aneba ku Chinamwali chinakana kutha,
ndipo udzudzu unapeza bowo m'neti
lomwe ine ndalisaka kuyambira Malichi.

Lero pa desiki, mu ofesi ya malipiro,
nkhungu yatsika ku Chawe n'kudzakhala m'mutu mwanga.
Manambala akuyenda ngati linthumbu.
Mphunzitsi wa ku Domasi ndamulemba kawiri,
ndadya ziro mmodzi pa malipiro a mlonda,
munthu amene sagona n'komwe.

A Namakhwa akuti wolimbikira sadziwa bedi.
Akunena akuyasamula,
dzanja pakamwa ngati akubisa chakuba.

Tulo ndi katapila.
Ukatizemba usiku timakupeza masana,
anthu akuona,
n'kukupinda khosi pamwamba pa mafayilo.

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana
anzanga atsetserekere ku chiwaya okha.
Ine ndikatsamira mkuyu wa kuseri kwa sitolo,
ndivule nsapato,
tayi ndiphimbe m'maso,
mphindi makumi awiri basi, Likangala akung'ung'udza patali.

Mlonda iwe, ndipirire.
Ziro wako ndikubwezera ndikadzuka.