Msewu wa Burma

Ndimasoka nsapato pansi pa mtengo wa jakaranda,
m'mphepete mwa msewu wa Burma, kufupi ndi Kabwata.
Anyamata a minibasi amakuwa dzinali tsiku lonse,
Burma, Burma, Chilenje, malo awiri atsala,
ngati akuitana munthu amene anathawa ndi ngongole yawo.
Ndinafunsa mmodzi kuti Burma n'chiyani.
Anati, "Ndi msewu, madala. Mukwera kapena ayi?"

Atate anga anakwera.
Lole inafika ku Chadiza anthu akukolola,
anawayeza chifuwa ndi chingwe,
anawayang'ana mano ngati ng'ombe ya pamsika,
Esaya Njobvu n'kusanduka nambala
imene ankaitchulabe bwinobwino
chaka chimene anaiwala maina athu tonse.

Za nkhondoyo sankakamba.
Tinkatola zogwa pakamwa pawo ngati nkhuku pamtondo.
Akuti madzi opanda tsidya, masabata angapo,
amuna a ndevu akusanza, akuitana amayi awo.
Akuti mvula ya kumeneko ilibe ulemu,
imagwa mpaka chikopa cha phazi chivuke pamodzi ndi sokosi.
Misundu m'khwapa, misundu kumene sindinganene,
ankaiwotcha ndi ndudu.
Mjapani woyamba amene anamuona pafupi
anali mnyamata wowonda, wakufa kale,
m'thumba mwake muli chithunzi cha mwana wonenepa masaya.
"Sitinalimbiranepo malire a munda," anatero,
n'kupempha madzi akumwa.

Anabwera ndi mendulo ziwiri, chifuwa chosatha,
ndi lonjezo la malo limene linasochera m'maofesi.
Anapeza ulonda ku Kamwala, pasitolo ya nsalu,
kulondera katundu wa eni ndi chibonga
munthu amene anawoloka Chindwin mfuti ili pamutu.
Mvula ikayamba kumenya malata a ku Matero
amayi ankazimitsa nyali msanga,
ife tinkanamizira kugona
kuti tisawaone ali pansi pa tebulo.

Anabweranso ndi jombo.
Lamlungu lililonse ankazipukuta mpaka zione nkhope,
koma sanazivalepo,
ngakhale paukwati wa alongo anga.
Tsiku lina ndili ndi zaka khumi ndinaziyerekeza ndi phazi lawo ali mtulo.
Zinali zazing'ono.

"Ndi za Lufeyo," anandiuza patapita zaka.
"Malungo, osati chipolopolo.
Anati ndikapereke kwa amake,
aone kuti mwana wawo anavalapo nsapato."
Mudzi wake sanaufunse bwino.
Ankangodziwa kuti ndi cha ku Lundazi,
kuseri kwa phiri, pali chitsime cha madzi oyera ngati mkaka.
Anapitako kawiri pa njinga yobwereka.
Mapiri ndi ambiri.

Ulusi wanga woyamba ndinaulowetsa mu jombo zimenezo
pamene chikopa chinayamba kung'aluka chokha.
Ntchito ya manja anga inabadwira pamenepo.
Zili m'bokosi ili, pansi pa zidendene ndi misomali.
Wina anafuna kuzigula, akuti n'zamakedzana, zingakongoletse bala yake.
Ndinamuuza kuti mwini wake akubwera.

Mwezi wa Novembala amaika maluwa ofiira pachipilala kumtunda uko,
malipenga amalira, magalimoto aatali amaima,
kenako aliyense amathamangira mthunzi.
Ine sindipitako. Ndi tsiku la makasitomala.

Dzulo kunabwera msilikali wa ku Arakan,
mwana wa dzana, ndevu zisanagwirizane,
jombo yake yakumanzere itayasama.
Ndikusoka ndinamufunsa ngati akudziwa kumene dzina la kampu yawo linachokera.
Anaseka. "Ndi kumene ndimagona, basi."
Ndinafuna kutsegula bokosi.
Koma anali ndi changu, foni yake inkalira,
ndipo ndani ali ndi nthawi ya amake Lufeyo?

Ndinamangitsa mfundo, ndinadula ulusi ndi mano.
Anafunsa mtengo.
Ndinati apereke zimene ali nazo,
ndipo asanapite ndinamufunsa mudzi wa kwawo,
dzina la amake, mtsinje umene uli pafupi.
Anadabwa, koma ananena.
Ndinalemba pachikuto cha bokosi.