Mkonowu Uli ndi Mwini

Lachitatu njinga yamoto inaima pansi pa mlambe
kuseri kwa msika wa Mpondasi,
bokosi labuluu lomangidwa ndi lekeni kumbuyo.
Ife tinali pakhonde monga masiku onse,
ena tikuluka madengu a mlaza,
Asiyatu akusokerera mabatani ndi dzanja lake limodzi lija,
Twaibu akuwerenga zitsekerero za mabotolo
mpaka makumi anayi, n'kuyambiranso.

Anamwino anafunsa Mayi Chipojola:
"Alipo angati?"
Mafunsidwe a ng'ombe za kudibi.
"Khumi ndi anayi. Makolo awo anasayina kale."

Makolo.
Ine ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.
Bambo anagona ku Malindi,
mayi anawatsatira chaka cha madzi osefukira.
Wosayinayo ndi mlamu wanga Jafali,
amene chikwatirire mlongo wanga
amandipatsa moni akuyang'ana matayala a chikuku.

Mawu anga amachedwa, ndikudziwa.
Amanyamuka bwinobwino pachifuwa,
pofika palilime n'kukhala lole yodzaza
pa chikweza cha Chowe.
Koma amafika.
Mukadikira, amafika.

Chala ichi chinaviikidwa mu inki tsiku lachisankho,
palibe anaitana Jafali.
Chala ichi chimadinda m'buku la banki m'khonde,
ndipo ngongole ikakula amadza kwa ine.
Lero lokha, poti ndi jekeseni,
chasanduka chala cha khanda.

Ndinabisa mkono m'malaya.
"Akuopa singano," wina anatero, n'kuseka.
Singano? Ine wogona miyezi itatu pachipatala cha paboma,
thupi lonse zipsera?
Ndinati: Mu-ndi-u-ze.
Katemerayu ndi wa matenda anji.
Mkono utupa masiku angati.
Kodi sayambana ndi mapiritsi anga a khunyu.

Anamwino, mtsikana wa thukuta pamphuno,
anayang'ana wotchi.
Midzi itatu inali kuwadikira.
Kenaka anakoka chidebe, n'kuchivundikira, n'kukhalapo,
maso awo n'kulingana ndi anga.
Anafotokoza, apa Chichewa, apa Chiyao.
Za mapiritsi anati sakudziwa,
anaimba foni, mayunitsi awoawo.
M'bokosi muja ayisi ankasungunuka.

Mkono wa malaya ndinapinda ndekha.
Zinatenga nthawi. Palibe anandithandiza,
ndipo ndikuthokoza.
Ndinati eya.

Asiyatu anamva zonsezo, mawu ndi mawu.
Iye anati ayi.
"Ndikagonere. Ndidzakuuzani Lachisanu."
Mayi Chipojola anapukuta manja pachitenje,
osayang'ana aliyense:
"Wosabayitsa mawa asabwere.
Si ine, ndi kalata yochokera kwa otithandiza."
Sindikuwanamizira nkhanza.
Ndi iwo omwe amatipukuta malovu osachita tsinya,
mwezi wachitatu uno osalandira.

Lachinayi phala linatsala kapu imodzi.
Chitini cha mabatani chili pawindo,
singano itabayidwa pansalu
pomwe anailekera.
Kwawo amamusiya m'nyumba, chitseko chokoka,
onse akapita kukagulitsa usipa.

Mkono ukuwawa pang'ono, si nkhani.
Ndikufuna Asiyatu abayitse,
ndipo ndikamuuza ndekha,
pang'onopang'ono, monga mwa lilime langa.
Akhoza kundikanira, ndi mutu wouma uja.
Koma usiku ndinagona ndikutembenuza funso
ngati mwala m'nsapato:
ndikanati ayi, ndikanakhala kuti lero?
Nanga eya wanga uja anali wanga
kapena ndinangolipira pakhomo?

Lero Lachisanu. Mlaza sitinaukhudze.
Ndapempha cholembera,
Sumani wandigwirira pepala kuti lisathawe,
mzere umodzi wanditengera mmawa wonse:
Mumutsegulire, ayankhe ali pakati pathu.
Pansi pake zala khumi ndi zitatu,
inki yake mwaye wa kukhitchini.

Twaibu wasiya zitsekerero.
Akuwerenga mipando yokhala ndi anthu.
Akufika khumi ndi itatu,
akuyang'ana kuchipata,
akuyambiranso.